Apongozi Anga Kuseri kwa Nsungwi

Tasenderani kuno nonse. Iwe wa foniyo, iike m'thumba. Inu mwaima pakhomopo, lowani kapena tulukani, musakhale ngati mwabwera kudzabwereka sefa. Khalani chete tsopano, wotsokomola atsokomoleretu, chifukwa ine ndikayamba sindibwerera m'mbuyo.

Uyu wandifunsa kuti bambo awo a agogo anu aamuna ankaoneka bwanji. Ati anali oyera kapena akuda, ati mphuno yakeyi watengera kwa ndani. Ine yankho ndilibe. Apongozi anga amenewo ndinakhala nawo pa poloti ino ya ku Chiputula mpaka ana anga onse kubadwa ndi kuyamba sukulu. Tinkacheza tsiku ndi tsiku, tinkakangana, ankadya za m'manja mwanga. Koma mukanati muwaimike pamsika pakati pa madoda ena, ine ndikanawadutsa osapereka ndi moni womwe. Nkhope yawo sindiidziwa. Mawu okha, amenewo ndiye ndikhoza kukuyeserani ngakhale lero.

Ine paja ndine wa ku Dowa. Agogo anu anandipeza kumeneko akukhoma madenga a nyumba za boma, ndiye atawasamutsira kuno ananditenga, ine pamwamba pa lole ndi mtondo wanga. Dziko linali litangolandira ufulu. Mzuzu wake sanali uyu mukumudziwayu. Kunali matope, mitengo, ndi chifunga choti m'mawa umamva tambala wako koma osamuona. Ndinkalira ndi kuzizira, ndikuti amuna inu, kuno mwandibweretsa kuti ndidzaume ngati nsomba?

Tisanathe chaka, kunabwera uthenga woti bambo awo akubwera kudzakhala nafe. Akazi awo anali atamwalira, iwo ntchito ya kuminda ya tiyi ku Nkhata Bay anali atapuma, ndipo kumudzi ku Rumphi analibe wowaphikira. Agogo anu anawamangira kanyumba kumbuyo uko, kumene pano kuli nthochi zija.

Tsiku lofika kunkawaza kamvula. Ndinangoona munthu wamtali akutsika kumsewu, chikhothi mpaka m'maondo, chipewa chatsikira m'maso, kasutikesi m'manja. Ine ndi chimwemwe changa cha ku Dowa ndinathamanga, nthungululu ili pakamwa, manja onse awiri kutsogolo. "Takulandirani bambo, mwayenda bwanji, mvulayi yakunyowetsani." Ndisanawafike, munthu anandikoka chitenje kumbuyo mpaka ndinatsala pang'ono kukhala pansi. Anali alamu anga, mlongo wawo wa agogo anu, amene ankakhala ku Katawa. Anandiguzira m'khitchini ngati mbuzi yolowa m'munda.

"Iwe mkamwana, wazerezeka? Adada sawayang'ana kumaso yayi."

Mkamwana ndiye kuti mkazi wa mwana wawo, ndilo linali dzina langa pakhomo pano. Ndinati, "Nanga ndiwayang'ane kumapazi?"

"Ngakhale kumapazi yayi. Sulankhula nawo. Sudya iwo akuona. Mukakumana panjira, iwe upatukire patchire, ugwade, nkhope uko."

"Mpaka liti?"

"Mpaka eni akewo adzakumasule."

Kwathu zothawana zilipo, sindikana, koma wothawa amakhala mwamuna wobwera kudzakwatira, kuthawa amayi a mkazi wake. Ine ndinali ndisanathawepo munthu. Ndinaganiza kuti amenewa akufuna andiphe. Pakamwa panga mukupadziwa. Amayi anga ankati ndinabadwa ndikuyankha.

Agogo anu anamanga mpanda wa udzu pakati pa khitchini yanga ndi kanyumba ka mdala. Koma udzu ndi mvula ya Mzuzu sizimvana. Kuno mvula imayamba anzathu akuyamba, anzathu n'kusiya, ife tikadali nayo. Mpanda unkada, kumera bowa, n'kuwerama ngati nkhalamba. Tsiku lina ndili pa mtondo, chinangwa chootcha chili tho m'kamwa, mphepo inangoti kuu, mpanda wonse pansi. Ndinaona msana wa chikhothi chija pafupi pomwepa. Ndinadziponya kuseri kwa mtondo, chinangwa chandikhala pakhosi, maso ali tuzu. Mdala sanacheuke. Anangolankhula ndi nkhuku zimene zinkapalasa pamenepo.

"Nkhuku imwe, kauzeni eni nyumba kuti sindinaone kanthu. Ameze bwino, angatsamwe."

Ndinaseka mpaka chinangwa chinatulukira m'mphuno.

Patapita masiku mdala anasowa. Agogo anu anati apita kunyanja, kumene ankagwira ntchito kuja. Anabwerera pa lole ya matabwa ndi zidutswa za nsungwi. Koma nsungwi zake, ana inu. Ine ndinkadziwa zathu zolukira malichero, zonga mkono wa mwana. Izi chidutswa chimodzi ngati ntchafu yanga ya nthawi imeneyo, ndipo ndinali ndi ntchafu. Ankati kuminda ya tiyi azungu ankazibzala m'mbali mwa mitsinje, ndipo iwo ndi amene ankazisamalira.

Ndinaonera kudzera pa mng'alu wa khoma la khitchini, ndiye ndinkangoona manja ndi msana. Anakumba ngalande kuyambira pa malire a aneba mpaka kukafika kunjira. Chidutswa chilichonse chinali ndi mfundo ziwiri. Ankaboola pakati pa mfundozo ndi nsonga ya chikwanje, kuthiramo madzi mpaka kudzaza, kutseka ndi dongo, n'kuchigoneka m'ngalandemo chogona, timaso take tili m'mbali. Kenako dothi pang'ono, phulusa, masamba pamwamba. Ine kupirira kunandikanika. Ndinalankhula ndi mphika.

"Mphika iwe, kodi kuno mitengo amaiika m'manda ngati maliro? Amaimwetsanso madzi a paulendo?"

Kenako ndinamva, "Khasu iwe, kauze mphika kuti chinthu chobzala choimirira chimafulumira kunyada, chimafulumiranso kufa. Ichi chigone kaye."

Chinagonadi. Chaka choyamba kunatuluka tinthu tonga bango, toonda, tomvetsa chisoni. Ndinati mphika iwe, mpanda wa adada wafika, nyerere sizitionanso. Iwo anati khasu iwe, mwana sabadwa ndi ndevu. Chaka chotsatira zinatuluka zonga mpini. Agogo anu ankangokonzabe mpanda wa udzu uja, akung'ung'udza. Koma mvula ina itabwera, ndinadzuka m'mawa n'kupeza zinthu zatuluka m'dothi ngati nyanga za ng'ombe, zakuda, zaubweya. Ndinagwira imodzi. Musadzayese. Makoko ake ali ndi ubweya woyabwa kuposa chitedze, ndinakanda mpaka madzulo, mdala akuseka kuseri, ati nsungwi yapereka moni kwa mkamwana. Ndipo kukula kwake, ukayanika kansanza pansonga m'mawa, mawa lake umafuna ndodo kuti ukatsitse.

Zimene ndinazikondera n'zoti siziyenda. Kapinga ukamubzala apa, mawa ali m'munda mwa aneba, milandu yayamba. Izi zimakhala pa phata pawo, mwana kuphukira pambali pa mayi, mdzukulu pambali pa mwana, mpaka phata ili kukhudzana ndi linzake. Mpanda wa udzu tinauotcha. Panali tsopano khoma lamoyo, lalitali kuposa denga, loti ngakhale nkhuku inkazungulira kunjira. Mphepo ikawomba zinkalira kweee, kweee, ngati chitseko cha tchalitchi. Aneba ankati mwaitana njoka. Njoka ndinaonamo imodzi yokha, nayonso inkaoneka yochita manyazi.

Apo ndiye mphika ndi khasu zinapuma, tinayamba kutuma nsungwi. M'mawa ndikukoleza moto ndinkamva kukhosomola, kenako:

"Nsungwi imwe, mwawuka uli? Kafunseni kuseriko ngati kwacha."

"Nsungwi inu, kauzeni kuti kwacha kalekale, aulesi okha ndiwo akufunsa."

"Yewo chomene. Muwauzenso kuti nyemba za dzulo zinali ndi miyala. Dzino limodzi latsala m'mbale."

"Muwayankhe kuti dzinolo alisunge, ndi limene latsala."

Alamu anga a ku Katawa atamva tsiku lina anagwira pakamwa. "Mkamwana, ukulankhula ndi adada?" Ndinati ine? Mwandiona? Ine ndikulankhula ndi mitengo yanga. Anapita kukadandaula kwa mdala, mdala anati, "Ine mkamwana sindinamumvepo mawu ake. Koma nsungwi izi zili ndi mwano chomene." Nkhani inathera pomwepo.

Ndikuuzeni, ana inu, agogo anu anali munthu wabwino koma wosalankhula. Ukawafunsa kuti kuntchito kunali bwanji, ati kunali. Munthu amene ndinkacheza naye pa Mzuzu pano anali apongozi anga. Anandiphunzitsa Chitumbuka chonse chimene ndimadziwa, choyamba zotukwana, ati kuti ndizimva akamandinena pa mpopi. Anandiuza za akazi awo, mmene ankapsereza dala nsima akakwiya. Mwana wanga wachiwiri atamwalira ndi chikuku, anthu atabalalika, ine ndinkakhala pa phata la nsungwi osaphika, osasamba. Iwo ankabwera kukhala mbali inayo. Sankatuma nsungwi. Ndinkangomva fungo la fodya wawo ndi mpando ukulira. Tsiku lina anati, "Nsungwi imwe, kauzeni kuti kuno kuli munthu wanjala." Ndinadzuka n'kukoleza moto.

Nthawi imeneyo pakamwa pankafunika chotsekera. Wailesi itasiya kulankhula Chitumbuka, mdala zinamuwawa. Ankayamba, "Nsungwi imwe, kodi ife tinalakwa chiyani kuti..." Ine ndikangomva poyambira pake, ndinkagwira munsi n'kuyamba nyimbo ya chipani mokweza, kusinja mtondo wopanda kanthu, mpaka atamaliza. Akamaliza ankati, "Yewo. Nsungwi zaimba bwino." Kuimbako n'kumene kunandigwiritsa. Amayi a chipani anamva, anabwera, ati mawu amenewa akuwonongeka pa mtondo, ndiponso Chichewa chanu n'chenicheni, chakumpanda. Basi ndinakhala wotsogolera nyimbo, nsalu ya chipani ya nkhope ya pulezidenti ili m'chiuno.

Ndiye chaka china, chimanga chili ndi ngaiyaye, kunamveka kuti mwini dziko akubwera kudzayendera mbewu. Tauni yonse inatekeseka. Kunafika anyamata a chipani, a malaya ofiira aja, zikwanje m'manja. Wamkulu wawo anaima apo pali mpopipo.

"Mayi, tamva kuti muli ndi nsungwi zabwino. Zikufunika zomangira chipata cha maluwa pamsewu ndi zokwezera mbendera."

Ukanati chiyani? Ndinati dulani, ana anga, n'zanu. Ndinamva mdala kuseri akuyesa kuwapempha mwaulemu. "Adada, chonde, dulani zakale, zili m'katizo, za mawanga oyera. Izi zobiriwira n'zanthete, zifota pamsewu. Ndipo mudule pamwamba pa mfundo, madzi angaime m'chitsa."

"Mdala, mukutiphunzitsa ntchito? Khadi la chipani muli nalo?"

"Enya, lilipo."

"Ndiye khalani pansi."

Anadula zapafupi, zosavuta, mmene chikwanje chagwera. Mphukira zimene zinali zitangotuluka anazipondaponda. Pochoka anasiya mpata pakati penipeni, woti ng'ombe ziwiri n'kudutsa zitagundana. Mdala anati yewo, anawaperekeza mpaka kunjira. Ine tsiku la mwambolo ndinavina pansi pa nsungwi zanga zomwe, zitafota kale, mbendera zili pendapenda, ndikuimba mokweza kuposa onse.

Mpata umenewo unatitseka pakamwa. Kuyambira pakhomo la khitchini unkaona mpando wawo. Ndiye ine kutuluka chowerama, nkhope kumbali, iwo mpando anausamutsira kuseri kwa kanyumba. Ungatume bwanji nsungwi pamene nsungwi palibe? Zikanakhala kulankhulana maso ndi maso, aneba akuona. Ndinayesa kutchinga ndi nsalu. Nsalu yaikulu imene ndinali nayo inali ya chipani ija, ndiye ndinaipachika pamenepo. Agogo anu pobwera kuntchito anangoti njinga uko, kuthamanga, kuitsomphola.

"Ukufuna tonse tikafere kundende? Nkhope imeneyi ukutchingira khitchini?"

Tsiku limenelo ndinawamva akulankhula mawu ambiri kuposa chaka chonse.

Miyezi inapita pakhomo pali zii. Mdala ndinkangomumva akuthira dothi ndi phulusa pa zitsa zija, akuzidulanso bwino chimodzichimodzi kuti zisaole. Kenako madzulo ena agogo anu anakhala pa mphasa, kukanda m'mutu, n'kuti, "Adada agula nkhuku."

"Ndiye?"

"Msoti woyera. Akuti akupatse, uphike, mudye mbale imodzi. Zothawana zithe. Akuti atopa kukhala ngati ali kumanda."

Mwambo wake unali umenewo. Apongozi akakupatsa nkhuku n'kudya nawe, wamasuka, ukhoza kuwaona, ukhoza kulankhula nawo. Mukuganiza kuti ndinalumpha ndi chimwemwe. Ayi.

Chifukwa ine womasulidwa ndinali nditamuona. Mkazi wa akulu awo a agogo anu, wa ku Lupaso, anamasulidwa kalekale. Akabwera kudzaona mdala ndinkamumvera kuseri. Ankagwada patali, mawu ngati kamwana ka mphaka. "Monire adada. Enya adada. Yewo adada. Mwaneneska adada." Mdala naye mawu ankasintha, ankakhala a mu tchalitchi. "Ana ali makola, sakudwala? Chimanga chili makola? Yewo." Basi, kucheza kwatha, wina ayang'ana uku, wina uku. Ndinadzifunsa kuti kumasuka kwake n'kumeneku? Ine kuseri kwa nsungwi ndinkaima chilili, manja m'chiuno, kuwauza kuti ndi aulesi. Pamaso pawo ndikanayamba bwanji? Munthu sungamuyang'ane m'maso bambo wobala mwamuna wako n'kumuuza kuti asunge dzino. Ndinaona kuti ndikadya nkhuku imeneyo ndipeza apongozi, koma mnzanga uja ndimutaya.

Kukana sindikanatha, kukanakhala kunyoza. Ndinati, "Kawauzeni kuti ndathokoza kwambiri. Koma kamsotika n'kowonda. Kanenepe kaye, tingachite manyazi."

Kananenepa, kanayamba kuikira. Ndinati nkhuku yoikira saipha, aliyense amadziwa. Kenako inafungatira. Kenako inali ndi anapiye, nanga anapiye awalere ndani. Uku mvula inabwera, ndipo pa zitsa zija panatuluka mphukira, zoonda poyamba chifukwa phata linali litapwetekedwa, koma za masamba ambiri. Mvula yotsatira zinatuluka zenizeni. M'mawa wina ndinamva kukhosomola kuja pafupi.

"Nsungwi imwe, mwabwerako? Tinakusowani chomene. Kafunseni kuseriko ngati nkhuku yanga yanenepa."

Ine misozi ili m'maso, koma ndinati, "Kauzeni kuti ikufungatira."

"Nkhuku imeneyi ikufungatira chaka chonse? Idzaswa ng'ombe?"

Tinaseka, tinabwerera mwakale. Nkhani ya nkhuku inasanduka sewero lathu. Pakapita nthawi ankafunsa, ine n'kupeza chonamizira. Yadwala chitopa. Yachira koma yaonda. Lero ndi Lamulungu. Msoti uja anakalamba, anafa yekha, ana ake ndi adzukulu ake anadzaza bwalo, onse oyera, ndipo mdala ankati ngongole ya mwambo siifa, iliyonse yoyera ndi yomweyo. Ine ndinkaganiza kuti nawonso akusewera. Mwina ankasewera. Koma tsiku lina anafunsa mosatuma nsungwi bwinobwino, mawu ali pansi.

"Kodi kuseriko amaopa chiyani? Ine sindiluma. Mano munawamaliza ndi nyemba."

Ndinayankha za nthabwala, sindikumbukanso kuti chiyani. Iwo sanaseke. Anangoti, "Yewo," mpando n'kulira, n'kupita. Musandifunse kuti wolakwa ndani, mwambo kapena ine kapena nsungwi. Ndakhala ndikuzitembenuza zaka zonsezi ngati chimanga chokazinga, sizipsa.

Chifuwa chinawayamba nyengo yozizira. Poyamba tinkachiseka, ndinkati nsungwi inu, kauzeni kuti asiye fodya, akudzutsa ana. Kenako kukhosomola kunatalika, mawu n'kumafupika. Mbale zinkabwerako nsima ili momwemo. Ndinasintha, kuphika phala la mgaiwa lothira nsinjiro, nalonso linkabwerako. Mwana wanga wamkazi, azakhali anu aja, ndi amene ankapititsa chakudya kuzungulira kunjira, ndiye ndinkamufunsa kuti agogo ako akuoneka bwanji. Ankati, "Atha, amayi. Chikhothi chikuwakulira." Kuchipatala anapita, anagonako, anabwerako ndi mankhwala, osasintha. Agogo anu ndiwo ankawasambitsa.

Panali masiku amene ankawatulutsa padzuwa pafupi ndi nsungwi. Ndinkamva mpando, ndiye ndinkayamba ine. "Nsungwi inu, kafunseni ngati aulesi adzuka." Yankho linkachedwa, n'kubwera laling'ono ngati likuchokera m'botolo. "Adzuka. Koma agonanso." Nthawi imeneyo ndikanatha kuzungulira. Njira inali yomweyo, azakhali anu ankaiyenda katatu pa tsiku. Ndinkati akapezako bwino, kuti tidye nkhukuyo iwo akutha kutafuna. Munthu ukafuna kuzengereza, zifukwa zimabwera zokha ngati ntchentche.

Kenako abale anakumana, alamu a ku Katawa, akulu a ku Lupaso, ndi ena ochokera kumudzi. Anagwirizana kuti mdala apite kwawo ku Rumphi akadali ndi mpweya, chifukwa iwo eni ananena kuti safuna kukalowa m'mudzi mwawo ali m'bokosi. Anapeza lole ya munthu wina wopita kumeneko. Ine anandiuza kuti nditsala ndi ana, wamng'ono anali ndi malungo.

M'mawa wake kunali chifunga chija. Ndinamva lole ikuima kunjira, anthu akulankhula Chitumbuka chothamanga, kasutikesi kakukokedwa. Ndinali nditagwira chikombe cha phala. Ndinachiika pansi. Ndinathamangitsa nkhuku yoyera, ina iliyonse, kuigwirira pansi pa thandala, kuikolera m'khwapa ikulira. Ndinalunjika pamene panali mpata paja, pamene anyamata anadula. Mutu wanga unkati mpata ukadalipo. Panalibe. Nsungwi zinali zitagundana ngati zala, ngakhale dzanja silinkalowa, ubweya uja unangondidzaza m'mikono ndi m'khosi. Kuseri ndinkamva akuwanyamula, agogo anu akuti gwirani bwino kumiyendo, alamu akulira pang'onopang'ono.

Ndinakuwa. Sindinatume nsungwi, sindinatume mphika.

"Adada. Adada, ndine mkamwana wanu. Nkhuku ija ndagwira. Dikirani, ndikuzungulira kunjira."

Alamu anasiya kulira. Ndinamva mdala akunena kanthu kwa amene anawanyamula, iwo n'kuima. Ndinayamba kuthamanga motsata nsungwi, phata ili, phata ili, nkhuku ikupalapata, chitenje chikumasuka. Nditatsala pang'ono kufika pa phata lomaliza, pamene ukangokhota waona njira yonse, ndinamva mawu. Sanali a m'botolo aja. Anali akale, aakulu, a munthu amene ankaitana anzake kutsidya kwa munda wa tiyi. Kumene anawatenga sindidziwa. Anandiimitsa ngati ndagunda khoma.

"Mkamwana, ima penepapo."

Ndinaima.

"Usakhote yayi."

Ndinati, "Adada, ndingokuonani. Kamodzi kokha."

Anakhosomola nthawi yaitali. Ndinamva akuwakweza, chitseko cha kumbuyo kwa lole chikumenyedwa, injini ikulira. Ine ndili chiimire kuseri kwa phata lomaliza, nkhuku m'khwapa, mapazi akufuna, mutu ukukana, chifukwa bambo akakuuza kuti ima umaima. Lole itayamba kuyenda anakuwanso, pamwamba pa injini, kuti Chiputula yense amve:

"Wachedwa, mwana wanga! Amene unkacheza naye uja anali mwamuna wokongola chomene. Uyu ali pa loleyu usamuone yayi, sunga yemwe uja!"